A Blackson ndi Pati Thuu ya Kazitape

Ine ndine Idah, amake Linda, ndipo kwa zaka zambiri ndinkagulitsa mandasi ndi mazira owiritsa pakhomo pa vidiyo sho ya a Fadili, kuseri kwa msika wa Ndirande. Kulowa kukaonera filimu sindinkalowa ayi, nanga beseni langa akanandidikirira ndani? Koma khoma la shoyo linali la matabwa a makireti, ndiye filimu iliyonse ndinkaimva kuyambira poyamba mpaka pothera. Ndinkaimva m'mawu a munthu mmodzi, a Blackson Zuze.

A Blackson ndiwo anali womasulira. Mzungu akayankhula pa TV, iwo ankayankhula pa maiki m'Chichewa kuti ife osapita patali ndi sukulu tizitsatira. Kwawo kunali ku Nsanje. Chizungu anachiphunzira ku mishoni, kenaka anabwera m'tauni muno ali mnyamata, nagwira ntchito zaka makumi awiri pa fakitale yoluka nsalu, pakati pa makina osokosa aja. Fakitale itachepetsa anthu, anayesa ukalipentala, osaphula kanthu. Anayesa kuoda nsomba zouma, ayi ndithu. Mpaka tsiku lina a Fadili anawagwiritsa maiki, munthu n'kupeza pake.

Ndisawanamizire, ntchito ankaitha. Mzungu akanena mawu atatu, iwo ankatulutsa khumi, onse okoma, mwina n'kuthiramo ka Chisena anthu n'kugwa ndi phwete. Aliyense wa mu filimu ankamupatsa dzina. Anthu ankadutsa masho ena atatu kuchokera ku Goliyo ndi ku Chinseu kudzamva a Blackson. Ndi maiki imeneyo ankalipira lendi, ndi maiki yomweyo ana awo awiri anali ku sekondale.

Koma ine mtima wanga sunkakhazikika nawo. Choyamba, matama. Munthu ukawapatsa moni ali chofulatira, zii, ngati wapatsa moni mtengo. Ukamayankhula nawo, maso ali pakamwa pako ngati akukuwerenga mano. Chachiwiri, ndipo ichi n'chimene chinkandisowetsa mtendere, m'mawa uliwonse filimu yatsopano ikabwera ankadzitsekera okha m'shomo, loko m'kati, n'kukweza voliyumu mpaka malata kunjenjemera. Ngakhale a Fadili, eni malo, sankaloledwa kulowa. Ndinkati mumtima: munthu wabwinobwino amadzitsekeranji?

Ndiye mu 2008 kunabwera Pati Thuu ya filimu ina ya kazitape. Pati Wanu inali itatipenga tonse zaka ziwiri m'mbuyomo. Kazitapeyo a Blackson anamutcha Bwana Suti, chifukwa ankamenya anthu khumi taye osakhota, galimoto yake inkalavula moto, ndipo akazi ankangomugwera. A Fadili atangolemba ndi choko pa bolodi kuti BWANA SUTI PATI THUU WAFIKA, Loweruka masana mabenchi anadzaza, ena kukhala pansi, mazira anga kutha filimu isanayambe.

Koma zimene ndinkamva kudzera m'matabwa zinali zachilendo. Anthu osaseka. Mfuti zikulira mwa apo ndi apo, kenaka bata lalitali, azungu akunong'onezana. Ndipo a Blackson, munthu wosasowa chonena uja, ankachedwa kulowa, mwina n'kungoti, "Eee, apa zinthu zavuta," basi.

Filimu itatha anthu anaunjikana pa beseni langa monga mwa nthawi zonse, poti bwalo la milandu ya mafilimu linali pamenepo.

Woyamba anali Thom, kondakitala wa minibasi, pakamwa ngati hutala. "Amwene, atibera! Ameneyu si Bwana Suti. Bwana Suti angamenyedwe mpaka kutuluka magazi m'mphuno? Angalire? Mwini filimu kumangiriridwa pampando, malaya atang'ambika ngati wakuba wagwidwa mumsika? A Fadili agula diski ina ku Limbe n'kungomatapo dzina!"

A Fadili analumbira mpaka kutchula makolo awo a ku Mangochi kuti diski ndi yomweyo.

Wina anati kamera inkagwedera ngati wojambula anali pa njinga. Wina anati mdima wokhawokha, mwina TV yatha. Mzibambo wina wachikulire, amene anaona nthawi ija munthu sunkayankhula zandale pabasi, anapukusa mutu n'kuti, "Ana inu, kazitape weniweni ndi ameneyu. Savala suti. Amakhala nanu benchi imodzi." Anthu anayang'anizana, aliyense kusendera pang'ono.

Pamenepo m'pamene Hawkins anatsokomola. Hawkins anali mwana wa pa koleji ina m'tauni, wa magalasi, woyenda ndi buku m'khwapa ngakhale popita kukagula makala.

"Filimuyi ilibe vuto," anatero. "Masiku ano akupanga choncho, zenizeni, munthu akamenyedwa azimva kuwawa. Vuto lili pa maiki. Pamene paja m'galimoto, a Blackson anati bwana wa kazitape akumulangiza ngati mwana wake. Bodza! Amamuuza kuti akapanda kumvera amupha. N'chifukwa chake kumapeto nonse munasokonekera bwanayo atatulutsa mfuti. Madala aja akungopeka."

"Kandimverere adakanena za m'maluwa!" Thom anakuwa, atapeza nyama ina yoti alume.

Ndipo ine, Idah wa pakamwa, m'malo mosamala mandasi anga, ndinathira mafuta pamoto. Ndinati, "Nanga mukudziwa chimene amachita m'mawa akadzitsekera?"

Ha! Pofika Lamulungu Ndirande yense anali ndi yankho lake. Ena amati a Blackson amadula malo okoma n'kusunga okha. Ena amati ali ndi munthu amene amawauza pa foni. Ena amati Chizungu sachidziwa n'komwe, ku mishoniko ankangosesa. Mpaka wina anati mwina iwowo ndiye kazitape, amalemba maina a anthu olowa. Ndinaseka, koma pansi pa mtima ndinati, kaya.

Lolemba m'mawa, cha m'ma naini koloko, malata anayambanso kunjenjemera. Ndinaphimba beseni, n'kuika diso pa mng'alu wa thabwa. Lero ndiona.

A Blackson anali atagwada pa simenti. Khutu lamanzere analikanikiza pa sipika, khosi litapindika kuti maso afike pa TV, limoti m'manja. Pa TV panali amuna awiri aja m'galimoto. Ankabweza, kumvetsera, kubweza, kumvetsera. Ndinawerenga mpaka kasanu ndi kawiri. Pansi panali kope la ana asukulu. Ankalemba liwu limodzi, n'kulifufuta.

Ndinazungulira kukhomo la kuseri, lomwe loko wake anali wongonamizira, n'kulowa. Ndinaima kumbuyo kwawo. Nthawiyo filimu anali ataiimitsa, m'nyumba muli zii.

"A Blackson."

Palibe.

"A Blackson!"

Palibe. Ndinakuwa kachitatu, mawu amene amadzutsa Linda ali kutsidya kwa msika. Munthu anapitiriza kulemba. Ndinasendera pafupi. Nditawagwira phewa anadzidzimuka mpaka limoti kugwa.

Anandiyang'ana pakamwa nthawi yaitali. Kenaka anakhala pa benchi.

"Amake Linda, mwaona," anatero. "Lakumanjali linafera ku fakitale. Lakumanzereli likulitsatira. Mafilimu akale sankandivuta. Azungu ankakuwa, woipa ankabwera ndi chipsera kumaso, ukangomuona wadziwa. Koma iyi! Kunong'ona kokhakokha, mumdima, wina akuyankhula atatembenukira uko. Ndimatola liwu limodzi pa mawu khumi, enawo ndimasoka ndekha."

Manyazi anandigwira, ine amene ndinkati matama. Ndinawauza, ndikutsegula kukamwa bwinobwino, zonse zimene anthu akunena kunja.

"Asiyeni anene," anayankha. "Wabodza amatukwanidwa lero, mawa amabweranso pantchito, filimu ina yophweka ikabwera anthu aiwala. Koma womasulira wogontha munamumvapo kuti? A Fadili akangodziwa, maiki yapita. Chonde mayi, pakamwa."

Ndinalumbira. Ndinati pali Mulungu, sizituluka mwa ine. Ndipo ndinkanena zoona, ndithu ndinkanena zoona.

Sabata imeneyo ndinakhala mlonda wawo. Wina akayamba za a Blackson pa beseni panga ndinkamudula: "Wagula dzira kapena wagula nkhani?" Mpaka Thom anayamba kundikayikira ineyo. "Amake Linda, inu munayambitsa, lero mwatembenuka? Akudyetsani chiyani madala aja?" Ndinamuuza kuti akafunse amake.

Loweruka lotsatira anthu anadzaza kuposa poyamba, koma sanabwerere filimu. Hawkins anabwera ndi anzake atatu a magalasi. Thom anasiya minibasi pa siteji. Ndinaona mmene ankakodolerana polowa, ndipo ndinasendeza beseni mpaka pachitseko penipeni kuti ndizionera m'kati.

Filimu itafika pa galimoto paja, Thom anaimirira. "A Fadili, imitsani!"

A Fadili anaimitsa, poti anthu anali ambiri.

Hawkins anayankhula mwaulemu, ulemu wake wobaya uja. "Bambo Zuze, pepani. Anthu akuti inu mumangoonera zithunzi n'kupeka. Ife tikufuna tikuyeretseni. Tembenukani muyang'ane kukhoma, filimu iyende, mutiuze chimene akunena. Kamphindi kamodzi basi."

A Blackson anamuyang'ana pakamwa mpaka anamaliza. Anayang'ana a Fadili. A Fadili anayang'ana pansi. Ndiye munthu wamkulu, wa imvi m'mutu, anatembenuka n'kuyang'ana matabwa ngati mwana wolakwa m'kalasi, maiki ili m'manja.

Filimu inayenda. Azungu ananong'onezana. A Blackson, zii. Ndinkaona msana wa malaya awo ukunyowa.

"Mwaona!" Thom anakuwa. "Sadziwa kanthu! Zaka zonsezi kutidyera!"

"Wakuba!"

"Tambwali wa ku Nsanje!"

Wina anaponya chikhokho cha chimanga, chinawagunda paphewa. Iwo osatembenuka, poti anauzidwa kuti ayang'ane kukhoma. Thom anakwera pa benchi. "Chizungu cha kuti? Ku mishoni ankatsuka zimbudzi za ansembe ameneyu! Ana ake akuphunzira ndi bodza!"

Pamenepo ine magazi anakwera kumutu. Sindikudziwa kuti ndinalowa bwanji, ndinangozindikira ndili pakati pa mabenchi, chala chili pamphuno pa Thom.

"Khala chete, galu iwe! Chizungu amachidziwa kuposa iwe ndi mtundu wako wonse! Munthuyu sakumva! Makutu anafa ndi makina a ku fakitale! M'mawa uliwonse amagwada pansi khutu pa sipika kuti inu mbuzi inu mudzaseke masana! Ndamuona ndi maso angawa!"

Mawu atatuluka m'pamene ndinawamva. Mayo ine.

Thom anatsika pa benchi pang'onopang'ono. Hawkins anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya. A Fadili anazimitsa TV, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha, ya munthu amene wayamba kale kuganiza za mawa.

Ndipo a Blackson anali chiimire, kuyang'ana khoma, kudikira. Mwa anthu onse m'nyumbamo, iwo okha ndi amene sankadziwa kuti zatha.

Palibe analimba mtima kuwagwira. Mapeto ake anapita ndi Thom yemweyo, chipewa chili m'manja, n'kuwagwira chigongono. Atatembenuka, Thom anawayandikira kumaso n'kukuwa pang'onopang'ono, akutambasula milomo ngati akuyankhula ndi khanda: "PE-PA-NI BA-MBO. SI-TI-MA-DZI-WA."

A Blackson anayang'ana Thom. Anayang'ana mabenchi. Anali atakonzekera nkhope zaukali, koma anapeza nkhope zachisoni zokhazokha, wina akupukusa mutu, wina akuti "ooo, abale." Maso awo anayenda mzere ndi mzere mpaka anandipeza.

Ndinafuna kunena kuti ndimakutetezani. Ndinafuna kunena kuti amakutukwanirani ana.

Anakulunga waya wa maiki bwinobwino monga ankachitira tsiku lililonse, n'kuiika pamwamba pa TV. Anthu anawapatukira njira. Atafika pamene ndinaima anaima nawonso, ndipo anayankhula motsitsa, moti ndinamva ndine ndekha.

"Wabodza uja akanabweranso mawa, mayi."

Anatuluka, kudutsa beseni langa, kulowera njira ya ku Makata. Ndinalira pomwepo pamaso pa anthu, ine wosalira pamaliro. Thom anati ndisadandaule, ndachita bwino, ndawayeretsa dzina. Ndinamugenda ndi dzira.

Mawa lake filimu inaonetsedwanso, ndipo maiki anagwira ndi Hawkins.