Singano pa Mimba ya Tiantian

Pang Yuezhen anabwera mumzinda wa Baotou ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, atasiya sukulu ndi munda wa mbatata wa makolo ake. Anapeza ntchito pa kafakitale ka maginito. Kumeneko amuna amapera chitsulo chosakaniza ndi miyala ina yosowa mpaka chikhale ufa, n'kuudinda, n'kuuwotcha m'ng'anjo, n'kuucheka. Mpaka apo timakhala tizitsulo chabe, togona. Tikalowa m'makina opatsa mphamvu timadzuka, ndipo todzukato n'timene timafika patebulo la Yuezhen kuti achotsemo tobenthuka. Tambiri n'tochepa kuposa njere ya mphodza, koma tiwiri tikakutsina chala pamatuluka thuza la magazi.

Poweruka, aliyense amayendetsa kachitsulo kophwatalala pa zovala zake kuti todzuka tobisala tidumphirepo. Zaka zisanu ndi chimodzi Yuezhen sanaphonyepo. Koma Lachitatu lina, basi ya folo koloko ikuliza hutala, mphepo ikuluma makutu, anangovala jekete n'kuthamanga.

Mwamuna wake anali pa ulendo ndi lole. Mwana wawo wa chaka ndi theka, Tiantian, ankatsala ndi agogo ake a Qiao, apongozi aamuna a Yuezhen, amene kale, akugwira ntchito yomweyi, anasiya chala chimodzi pakati pa maginito awiri akuluakulu. Yuezhen anaponya jekete pampando n'kupita kukatenthetsa phala la mapira. Pobwera anapeza mwana akuyamwa zipi ya jekete ija. Pa zipipo panali kadontho kamodzi konyezimira.

Kanali kachitsulo kodzuka. Todzuka sitiyenda tokhatokha, timagwirana mumzere. Kamodzi kakamezedwa kamatuluka kokha ndi chimbudzi. Koma tiwiri tikatayana m'mimba timafunana, timapana matumbo pakati mpaka kuboola.

"Bambo! Panali tingati apa?"

"Ndikanadziwa bwanji? Jekete ndi yanga?" anatero a Qiao. "Khazikani mtima pansi, mayi a Tiantian. Bweretsani singano ndi ulusi."

Ndi mmene akale pa ntchitoyi ankadziwira ngati chitsulo chadzuka kapena chagona. Anagoneka mwana chagada, n'kulendeweretsa singano pamwamba pa mchombo. Tiantian ankaseka, akuyesa masewera. Singano inangoti zii.

"Mwaona? Mulibe kanthu umu, muli phala lokhalokha. Zaka makumi atatu singano sinandinamizepo."

"Nanga chalacho, bambo, singano inali kuti?"

"Iii, pakamwa panu! Za chala kunali kupusa kwanga."

Yuezhen anakhala pansi, anaimirira, anasuzumira pansi pa mpando, anakutumula jekete. Phala linayamba kununkha kupserera. Kenako anachotsa kadontho kaja pa zipi, n'kukaika patebulo, n'kukavundikira ndi dzanja lake.

"Yesani apa."

A Qiao anatsitsa singano pamwamba pa dzanjalo. Sinagwedezeke. Anaitsitsanso mpaka inakhudza khungu. Zii.

"Anu aja anali akulu ngati njerwa, bambo. Athuwa mphamvu yawo ili pafupi pomwepo. Ngati siyikudutsa dzanja langa, mimba ingaidutse?"

Nkhalambayo inazimitsa chitofu, n'kuyamba kufunafuna nsapato.

Mu takisi Yuezhen anafungatira mwana osamulola kupindika, ngati kuti kuwongoka kungaletse tinthuto kuyenda. Dalaivala anayamba nkhani za chipale chofewa chimene chikubwera. A Qiao anamudula: "Achimwene, zanyengo tikamva pa wailesi. Pondani."

Kuchipatala anamujambula mwana m'mimba. Dokotala wachitsikana anawalozera timadontho tiwiri toyera, togwirana.

"Tonse tikadali m'chifu, sitinatsikire m'matumbo. Titulutsa ndi kapaipi kudzera pakamwa. Mukanadikira mawa, mwina bwenzi tikunena za mpeni. Wadya chilichonse?"

"Ayi, phala linapserera."

"Lachita bwino."

Anamutenga mwana akulira. Yuezhen anatsala m'khonde, akuyenda uku ndi uku, manja m'khwapa. Patapita pafupifupi ola, nesi anatuluka ndi kabotolo, tinthu tiwiri tija tili m'kati mwake.

"Ali bwino, akudzuka. Mukufuna kutisunga?"

A Qiao anatambasula dzanja mwachizolowezi. Yuezhen analibweza.

"Tayani, anesi. Ali m'chipinda chiti?"