Ababa Anakafuna 25 Kuseri kwa 24

Ababa anga anagwira ntchito pa esiteti ya tiyi ku Thyolo moyo wawo wonse. Anayamba ndi kutchola, dengu kumsana, kenako anawakweza kukhala kapitawo. Minda ya pa esiteti ilibe mayina, ili ndi manambala, ndipo iwo ankaidziwa yonse ngati ana awo. Ukafunsa munda 12, ankakuuza kuti uli kuseri kwa 11, ukangowoloka kamtsinje, ndipo ukaupyola wagwera mu 13. Chiperoni chikaphimba dziko lonse, osaona ndi mtengo womwe, munthu uja sankasochera. Ankati bola udziwe kumene kuli phiri ndi kumene madzi akutsikira, kwanu ufika.

Ine ndine mwana wawo wamkazi woyamba, ndipo mtima wapachala ndinatengera kwa amayi. Kutchola tiyi ndinakukana ndili mtsikana. Ndinaphunzira kusoka, n'kupita ku Lilongwe ndi makina anga, n'kupeza khonde pa msika wa ku Eriya 25. Patapita zaka ndinamanga kanyumba kazipinda ziwiri komweko, kamalata. Palibe wa kwathu amene anamangapo nyumba m'tauni, ndiye ababa nkhaniyi inawakhala pakamwa.

Nthawi imeneyo maso awo anali atayamba kuchita chifunga. Nditabwera kudzadya Khirisimasi anandiuza mosabisa kuti akufuna kukaona nyumba yanga maso asanatseke. Tinali pakhonde, ine ndikusenda chinangwa, ndipo anayamba mafunso awo aja.

"Likululo lili pati, mwanawe? Paphiri kapena m'chigwa?"

Ndinawauza kuti ndi pathyathyathya, dziko longoti see, fumbi lofiira ndi chimanga. Ndinati pali mtsinje wa Lilongwe umene umadula tauni yakale pakati, ndipo maofesi a boma ali kutali ndi kumeneko, pakamtunda kakang'ono kamene kuno sitingakatche n'komwe phiri. Pakati pa malo ndi malo pali tchire, moti mlendo amayesa kuti tauni yatha pomwe ikupitirira.

"Nanga popanda phiri mumadziwa bwanji kwanu?"

"Timayendera manambala, ababa. Ine ndili ku 25."

Nkhope yawo inawala. "Manambala? Ngati minda ya kuno?"

"Eya, ngati kuno," ndinatero, chifukwa ndinali nditatopa ndi mafunso ndipo chinangwa chinali chikadali chambiri. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti manambala a ku Lilongwe sayenda mondondozana. Eriya 24 ili kummwera, 25 ili kumpoto kupitirira mafakitale a ku Kanengo, ndipo pakati pake pagona tauni yonse. Mawu awiri akanakwanira kuwafotokozera, koma ine ulesi.

Anasankha kubwera Lachinayi lina m'nyengo yozizira. Sabata imeneyo ndinali ndi madiresi a operekeza mkwatibwi, ukwati uli Loweruka, ndipo eni ake anali atandikhala pakhosi. Amayi ataimba kuti ababa anyamuka mawa ndiye ndikawachingamire pa depoti, ndinakalipa. Ndinati bwanji osandifunsa kaye, ine ndili ndi ntchito za eni. Ndinati ababa si mwana, akatsika basi akwere minibasi ya ku 25, akatsikire pa msika, akafunse telala wa ku Thyolo. Amayi analemba nambala yanga pa kapepala n'kuwaikira m'thumba la jekete, poti foni pakhomopo inali imodzi yokha.

Zimene zinachitika tsikulo ndinazimva pambuyo pake, zina kwa amayi, zina kwa iwo eni.

Anafika pa depoti masana, atasenza thumba la nthochi za ku Masambanjati ndi nandolo. Minibasi ya ku 25 anaipeza ilibe munthu ndi mmodzi yemwe, pomwe ya ku 24 inangotsala malo awiri kuti inyamuke. Kapitawo uja anawerengera mwa ukapitawo wake. Anati kudikira kwachiyani, ndikatsikira ku 24 n'kungodumpha malire wapansi. Sanafunse munthu, chifukwa mwana wawo yemwe anali atawauza kale kuti ndi ngati kwathu.

Atatsika anayamba kufunsa kumene kuli malire a 24 ndi 25. Amayi ena ogulitsa tomato anaseka, n'kuwauza kuti agogo mwasochera, 25 ili mbali ina ya tauni, bwererani ku depoti. Iwo sanakhulupirire. Kwathu timamva zambiri za anthu a m'tauni, ndiye anaganiza kuti akufuna kuwazunguza kuti awalande katundu. Anasenzanso thumba lawo n'kumayenda, kufuna pothera 24. Ataona kaphiri kamiyala kamene anthu amaswapo miyala, mtima unakhala pansi, anati apa ndiye ndidziwa. Anakwera ndi thumba lomwe. Pamwamba sanaone chilichonse chowathandiza, malata okhaokha akunyezimira mbali zonse mpaka pomwe maso awo ankalekezera.

Atatsika m'pamene anatulutsa kapepala kaja. Anapempha anthu atatu osiyana kuti awaimbire. Ine foni inalira katatu pambali pa makina, manambala achilendo. Eni ukwati aja anali ndi chizolowezi chobwereka mafoni a anzawo ndikasiya kuwayankha, ndiye ndinati ndi omwewo. Kawiri ndinangoisiya ilire. Kachitatu ndinaidula ndi chala changa, ndikutukwana. Mwini foniyo anawauza ababa kuti, "Akudula dala, agogo."

Anabwerera ku depoti dzuwa likupendeka. Minibasi za ku 25 zinalipo mbwee, koma sanakwere. Nthochi zija anagawira anthu amene anali nawo pa benchi, ndipo basi yoyamba ya ku Blantyre itapezeka analowa. Ine nditaona kuti kukuda munthu osafika ndinathamangira ku depoti, koma ndinazungulira pachabe. Mawa lake masana amayi anaimba kuti afika kunyumba, miyendo itatupa, ndipo akungoyankha mwachilomwe. Ababa akayamba kulankhula Chilomwe chokhachokha tonse tinkadziwa kuti zawapweteka.

Ndinapepesa pa foni, ndikulira. Anangoti, "Palibe kanthu, mwanawe, unali pa ntchito." Ndinalonjeza kuti ndidzabwera kudzawatenga ndekha. Koma maukwati anatha, anabwera mayunifolomu a sukulu, kenako mvula, kenako china. Kunena zoona, ndinkachitanso manyazi kuonana nawo. Chaka chisanathe amayi anandiuza kuti kuchipatala anena kuti si ng'ala yokha, mitsempha ya maso yafa ndipo palibe chochita. Mpaka lero ndikaganiza za miyezi imeneyo ndimadzida.

Nditapita kwathu ndinawapeza atakhala pampando kuseri kwa nyumba, nkhope ataloza kuminda ya tiyi imene sankaionanso. Ndisanakhale n'komwe pansi, amayi ena oyandikana nafe, amene ankatchola m'gulu la ababa kale, anabwera kudzandilonjera. Anandigwira manja onse awiri n'kumandiyamikira. Anati ababa anawafotokozera zonse, kuti ndinawalandira bwino, ndinawaphera nkhuku, ndipo nyumba yanga ndi yooneka bwino zedi. Ine ndinangoti zikomo, maso ali pansi.

Amayiwo atachoka, ababa anafufuza dzanja langa mpaka analipeza. Ndinayesa kuti tsopano andikalipira, ndipo ndikanakonda akanatero. Koma anatsitsa mawu kuti amayi asamve kukhitchini.

"Mwanawe, tandiuza. Chitseko cha nyumba yako chija ndi cha mtundu wanji? Anthu amandifunsa kutchalitchi, ndiye ine ndimangoti ndinaiwala."

Ndinawauza kuti ndi chobiriwira.

"Chobiriwira," anabwereza pang'onopang'ono, kuti asaiwale. "Nanga mawindo ndi angati?"