Tsiku Limene Tinakana Kugawidwa ku Muloza

Tinanyamuka pa Chinakanaka Loweruka 7 koloko m'mawa, atsikana khumi ndi awiri a kwaya ya Sande Sukulu, ine mphunzitsi wawo, ndi mayi Muhiwa amene mpingo unandipatsa kuti tikhale akuluakulu awiri. Tinkapita ku msonkhano wa makwaya a ana kumpingo wina kuseri kwa Muloza, kokagona tsiku limodzi. Ana anafika pasiteji atadzola mafuta mpaka kunyezimira, mayunifomu ali m'majumbo. Inenso ndisaname, mtima unali dyokodyoko. Nyimbo zinayi tinazikonzekera miyezi iwiri, ndipo ndinkadziwa kuti a ku Muloza akatidziwa.

Tisanakwere, mayi a Tadala anandikokera pambali. Tadala ndi wa zaka 13, ndiye amayambitsa nyimbo, ndipo popanda iye kwaya yathu ndi njinga yopanda tcheni.

"Aphunzitsi, mwana ndakupatsani, koma asakagawidwe," anatero. "Mukaona kuti sizitheka, mubwere naye lero lomwe."

M'mipingo yathu kukabwera alendo ogona, mkulu wa mpingo amaima kutsogolo n'kuwagawa m'makomo: awiri kwa auje, mmodzi kwa auje. Ndi ulemu waukulu, ndipo tonse tinakula nazo. Koma chaka chatha mtsikana wa mpingo woyandikana nafe anagawidwa yekha kunyumba ina, bambo wa pakhomopo n'kumugwirira. Nkhani inafika kupolisi. Zitatero mpingo wathu unakhala pansi n'kumanga mfundo: ana akakhala paulendo azigona malo amodzi ndi azimayi awiri, ndipo wamkulu aliyense, ngakhale abusa, asapatuke ndi mwana ali yekha. Uwu unali ulendo woyamba chimangireni mfundoyo. Kalata yofotokoza zonsezi tinatumiza kale kwa otilandira, choncho ndinalonjeza mayi a Tadala ndi pakamwa popepuka.

Kondakitala wa minibasi anayamba ndi K4,000 aliyense. Mayi Muhiwa anamukumbutsa kuti awa ndi ana a Mulungu, iye n'kuyankha kuti mafuta sagula kutchalitchi. Tinamvana pa K2,500 mwana aliyense. Kenako anati malo achepa, mtsikana mmodzi wamkulupo akakhale kutsogolo pafupi ndi adalaivala. Anapitako ndi mayi Muhiwa eni ake. Mayiwa ndi a thupi ndithu, moti ulendo wonse adalaivala ankachita kupempha njira kuti asinthe giya.

Pa Chitakale tinagula nanazi zitatu pa K2,000. Titangodutsa pa boma, ana anayamba nyimbo. Phiri linali kumanzere kwathu, mitambo itakhala pamwamba pake, ndipo minda ya tiyi inayala mbali zonse za msewu. Othyola tiyi, madengu ali kumsana, ankatembenuka n'kutibayibitsa. Bambo wina amene anakwera ndi nkhuku m'khwapa anayamba kuthira besi osapemphedwa, ndipo potsika anatiuza kuti ankayimba kwaya asanayambe kachasu. Tadala yekha sankayimba. Ankangonyambita ndimu, akuti akusunga mawu.

Pa Limbuli tinaima mphindi makumi anayi akukweza matumba a nandolo, ndipo pa Muloza tinafika cha m'ma 10. Tisanaponde pansi bwinobwino anyamata osintha ndalama za kutsidya kwa malire anatizungulira akupepesa mitolo m'mwamba. "Metikashi, mayi, metikashi!" Ndinawauza kuti kumene tikupita ife amalandira aleluya. Tinagula mikate ya ku Milanje, kutsidya komweko, yolimba kunja koma yofewa mkati, ana n'kudya ndi nanazi zija. Akabaza ankafuna K1,000 pamutu, koma njinga khumi ndi zinayi zikabalalika m'tinjira ta m'minda angaziwerenge ndani? Tinakweza katundu panjinga ziwiri, ife n'kuyenda pansi mondondozana, mayi Muhiwa kutsogolo, ine kumbuyo.

Kutchalitchi tinapeza makwaya asanu ndi awiri. Ife tinaitanidwa 2 koloko. Tadala atangotsegula pakamwa, tchalitchi chonse chinati zii, ngakhale makanda. Anzake atayamba kuvomera, mapazi akugunda pamodzi, nthungululu zinabuka kumbali ya azimayi, ena n'kuthamanga kudzayala zitenje pansi kuti ana apondepo. Ine ndinaiwala kuti ndine mphunzitsi, ndinavina mpaka duku kugwa. Oweruza anati makwaya atatu adzayimbanso mawa pamapemphero, ndipo dzina lathu linatchulidwa koyamba.

Chimwemwe chinatha 4 koloko. Bambo Makwinja, mkulu wa mpingowo, munthu wa imvi ndi mawu aulemu, anaima kutsogolo n'kunena kuti nthawi yogawa alendo yakwana. Mabanja anali atandanda kale.

"Tiyambe ndi a ku Chinakanaka," anatero. "Woyambitsa nyimbo uja akagona kwathu. Amayi kunyumba amuphera nkhuku."

Anthu anaomba m'manja. Tadala anagwira chitenje changa. Ine mwachibadwa ndine wamantha pamaso pa akuluakulu, ndimatha kuvomera ngakhale zimene sindinamve. Koma ndinaimirira.

"Pepani bambo, kalata yathu sinafike kodi?"

"Inafika, mayi. Tinaiwerenga. Koma zimenezo n'za kumene kuli anthu oipa. Kuno timadziwana."

"Ana athu sagawidwa, bambo. Tipatseni kalasi imodzi yapasukulupa, tigona tonse."

Tchalitchi chinayamba kung'ung'udza. Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti iye kalongonda anayamba kuphika dzulo, kutaya madzi kangapo konse, ndiye adye ndani? Anthu a kuno mukudziwa, nyemba imeneyo saphikira mlendo wamba. Bambo Makwinja anavula magalasi.

"Ndiye mukutiyesa zilombo ife?"

"Ayi bambo, sitikukayikira munthu. Koma tikati tizisankha nyumba, ndani amene tidzamuuze pamaso kuti kwanu kokha ayi? N'chifukwa chake mfundoyi ndi ya aliyense, ngakhale abusa athu. Ngati sizitheka, tikakwera minibasi isanathe pa Muloza."

Ana anandiyang'ana ngati ndawalanda chakudya pakamwa. Kuchoka kunatanthauza kuti mawa sitiyimba, miyezi iwiri yonse ija kupita m'madzi. Kenako mayi wina wachikulire, amene ndinamva pambuyo pake kuti ndi mayi Namaona ogulitsa masamba pa Muloza, anadzuka n'kutuluka. Ndinati basi, tawakwiyitsa eni mudzi. Tinatuluka nafenso n'kuyamba kumanga katundu pansi pa mtengo wa mango, ana ena akulira, mayi Muhiwa akuwakalipira misozi ili m'maso nawonso.

Tikusenza zikwama, tinaona mayi Namaona akubwera, poto ali pamutu, mphasa ili m'khwapa. Anatula pakhonde la sukulu n'kutembenukira anthu amene anali atadzaza pabwalo.

"Alendo akana kubwera kunyumba kwanga, ndiye nyumba yanga yabwera kwa alendo. Amene ali ndi kiyi wa kalasi iyi atsegule."

Abale inu, zimene zinachitika kenako sindidzaiwala! Mayi wa kalongonda uja anayamba kuseka, n'kuthamangira kwawo. Ena anatsatira. Pasanathe theka la ola tinjira tonse tinali ndi azimayi osenza mapoto, mabeseni a mpunga, chinangwa, zidebe za thobwa, mphasa ndi mabulangete. Aphunzitsi a makwaya ena ataona izi anati nawonso ana awo sagawidwa, makalasi ena awiri n'kutsegulidwa. Ana athu anataya zikwama n'kuyamba kulumpha. Pomaliza penipeni anafika bambo Makwinja akukankha njinga, poto wa nkhuku atamangidwa pakaliyala ndi mphira. Nkhope inali isanamasuke kwenikweni.

"Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa," anatero akundipatsa potowo. "Chiwindi ndi cha woyimba uja."

Titadya, dzuwa lisanalowe, ndinapita kumjigo kukatsuka mbale ndi mayi Namaona. Ndinawathokoza, mwinanso mopitirira. Iwo ankangokwecha poto.

"Inenso ndinagawidwapo," anatero, osandiyang'ana. "Ndinali ngati kamtsikana kanu koyimbako. Nkhuku anandiphera ndithu. Nditabwerera kwathu aliyense anandifunsa kuti unadya chiyani. Palibe anandifunsa kuti unagona bwanji."

Ndinasiya mbale m'madzi. Anandiuza kuti ngakhale malemu amuna awo sanamvepo nkhaniyi, ndine woyamba. Kenako anati tifulumire, pali ena akudikira mjigo. Usiku umenewo sanakagone kwawo. Anayala mphasa yawo mopingasa pakhomo la kalasi yathu.

Lamulungu tinayimba kawiri chifukwa anthu anakana kuti tikhale pansi. Mphoto imene tinalandira inali mbale yagalasi ndi sopo, ndipo ana anaisenza mosinthana mpaka pa Muloza ngati chikho cha mpira. Polengeza, bambo Makwinja anati akuluakulu akumana sabata yamawa kuti akambirane za kagonedwe ka ana. Sananene zambiri, koma ananena pamaso pa mpingo wonse.

Minibasi yobwerera inaphulika tayala m'minda ya tiyi, ana n'kusandutsa m'mbali mwa msewu malo a kwaya. Ine ndinakhala pamwala n'kumaganiza. Ndinapita ku Muloza ndikuopa kuti mfundo yathu ikhumudwitsa anthu abwino, ndipo inawakhumudwitsadi. Chimene sindinkadziwa n'chakuti pakati pa anthu omwewo panali wina amene anaidikira moyo wake wonse.

Pa Chinakanaka tinafika 5 koloko. Makolo anali pasiteji, ndipo phokoso lake munthu akanati kwabwera mkwatibwi. Tadala anathamangira mayi ake akufotokoza zonse nthawi imodzi: zitenje, mbale yagalasi, chiwindi cha nkhuku. Mayi ake anamugwira mapewa kuti aime kaye.

"Zimenezo undiuza kunyumba. Unagona bwanji?"

"Bwinobwino, amayi. Kungoti mayi Muhiwa amaliza mkonono."