Ntchafu ya Vainess

Vainess anayamba kuthamanga pa msinkhu umene anzake a kumpingo amayamba kusankha mipando yotsamira. Sikuti ankafuna thupi la atsikana ayi. Adokotala a ku Maryhill, mumzinda wa Glasgow, anamuuza kuti shuga wayamba kukwera, iye n'kukumbukira achimwene ake, a Eneya, amene anawadula mwendo ku Zomba chifukwa cha matenda omwewo. Potuluka kuchipatalako anakagula nsapato zothamangira.

Ankathamanga m'mphepete mwa ngalande akaweruka kunyumba yosamalira okalamba kumene amagwira ntchito. Buluku lothina la othamanga ankavala ndithu, koma pamwamba pake ankamangapo chitenje, kuopa maso a Amalawi anzake, amene ku Glasgow kuno amaona patali kuposa makamera a mumsewu.

Chaka chachiwiri bondo lakumanja linayamba kuvuta. Potsika masitepe a kufulati linkabaya ngati muli msomali. Vainess sanauze munthu, anangophunzira kulinyengerera. Akagwada popereka moni kwa akuluakulu kutchalitchi, ankadzukira mwendo wakumanzere, dzanja lili pampando. Koma Mayi Ndapile, apampando a chigwirizano cha amayi, sadutsidwa kanthu. Ananena anthu akumva kuti mzimayi wamkulu wothamanga ngati waba nkhuku mathero ake ndi amenewa. Mawuwo anamupweteka Vainess kuposa bondolo, ndipo usiku ankalota ndodo za a Eneya.

Kuchipatala anamutumiza kwa fiziyo, woona za mafupa ndi minofu, mtsikana wa konkuno dzina lake Hope. Iyeyu anapempha kuti amasule chitenje. Vainess anazengereza, koma anamasula. Hope anayeza ntchafu zonse ziwiri ndi tepi yonga ya telala, n'kumuonetsa pagalasi. Yakumanja inali itafota.

Anachita manyazi, kenako anapsa mtima. Miyezi yonse ija yonyengerera bondo, ntchafu inkangodya zaulere osagwira ntchito, ndipo chitenje chinabisa nkhaniyo ngakhale kwa mwini wake. Hope anafotokoza kuti bondo silinawonongeke, koma ntchafu ndiyo imalichirikiza, ndiye ikafooka bondo limasenza katundu lokha. Anati achepetse mtunda, osati kusiyiratu, ndipo tsiku lililonse azitsamira khoma ngati wakhala pampando wosaoneka, azigwadanso n'kudzukira mwendo wodwalawo. Vainess anaseka mpaka misozi. Kuwoloka nyanja zonsezi kuti mwana wachizungu adzamuphunzitse kugwada!

Kuseka kunatha atayamba. Nyengo yozizira yonse ankatsamira khoma la kukhitchini, ngakhale la kuntchito pa nthawi yopuma, ntchafu ikunjenjemera ngati ya mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene. Ankaikalipira mokweza ngati wantchito waulesi. Masiku ena ankagwa n'kulira, kenako n'kuyambiranso, chifukwa mwendo umenewu sanafune kuti wina adzauonere m'mbale ya kuchipatala.

Lamlungu lina mapemphero atatha, amayi anamuitanira kuchipinda cha kuseri kuti amulangize. Analowa atanyamula thireyi ya tiyi, n'kugwada mwaulemu monga mwa nthawi zonse. Mayi Ndapile anayamba ndi pemphero, kenako anafika pa nkhani.

"Vainess, mwendo uwu mukuupha nokha. Ma running awa muwasiyire ana. Khalani pansi ngati mayi."

Vainess anamvetsera, maso ali pansi, mpaka Mayi Ndapile anamaliza. Sanakweze mawu.

"Ndamva, mayi. Koma achimwene anga anakhala pansi. Mpaka lero ali pomwepo."

Mayi wina anamukankhira mpando kuti agwirire podzuka, koma manja ake onse anali pathireyi, ndipo sanaitule. Anaponda ndi phazi lakumanja. Bondo linaluma pang'ono, ntchafu inanjenjemera, makapu anagundana, iye n'kukwera pang'onopang'ono mpaka kuima njo. Anagawa tiyi kuyambira kwa Mayi Ndapile, amene analandira kapu osamuyang'ana.

Lolemba kunagwa kamvula kowazawaza ka masiku onse. Vainess anamanga zingwe za nsapato, anatenga chitenje, n'kuchikoleka kuseri kwa chitseko. Anatsika masitepe osavala chitenjecho, kuti ntchafu imene anatsala pang'ono kuitaya osadziwa aziiona yekha ikugwira ntchito.