Nkhumba za Bambo Zinaimirira

Ntchito yanga yachitatu ku Joni inali ya m'fakitale ina yosakaniza chakudya cha nkhumba ku Marlboro. Ndinkasenza matumba a chimanga, soya ndi gaga kuchokera pa lole kupita ku chigayo, ndipo pofika madzulo fumbi linkakhala litandiyeretsa mpaka nsidze. Anzanga achizulu ankangonditchula kuti Malawi, ngati dziko lonse linabwera ndi ine pa basi.

Chimene chinkandinyansa chinali kathumba kena ka ufa woyera. Ife tikuthyoka misana, iko kankabwera mwaulemu m'manja mwa mayi wina wovala chijasi choyera, n'kuyezedwa pa sikelo ngati mankhwala a khanda. Mayiyo anali Mmalawi mnzanga, wa ku Zomba, wophunzira za ziweto. Tsiku lina pa lanchi ndinawafunsa mwachipongwe ngati nkhumba za ku Joni nazonso zimadya mchere woyeza.

Anaseka, n'kukhala pa thumba pafupi nane. Anati ufawo dzina lake ndi fayitezi. M'gaga ndi m'chimanga muli fosiforasi, amene amalimbitsa mafupa, koma amakhala womangika, ndipo mimba ya nkhumba siitha kumumasula. Nkhumba imadya n'kukhuta, koma wambiri amangotuluka ndi ndowe. Ntchito ya ufawo ndi kumasula. Anatinso nkhumba yodya gaga yekhayekha mafupa ake amafewa, makamaka yaikazi ikaswa, poti kochepa kamene inali nako ana amayamwa.

"Imayamba ndi kukhwekhwereza miyendo yakumbuyo, achimwene. Kenako imangokhala pansi ngati galu, osadzukanso."

Ndinaika buledi wanga pansi. Zimenezo ndinali nditaziona kwathu ku Dedza, m'khola la bambo anga.

Zaka zingapo m'mbuyomo, nkhumba zathu zitatu zinagwa chimodzimodzi, zonse zitangoswa. Tinkazipatsa gaga ndi madzi otsukira mbale, basi. Bambo, amene ndi mkamwini pamudzipo, anati apa pali dzanja la munthu. Ndiye ine, munthu wa ndevu kale koma wa pakamwa pothamanga, ndinati ndinaona amalume ataima pakholapo m'mawa wina. Zinali zoona. Anaimapo, monga amaimira munthu aliyense woona ziweto za mlongo wake. Koma ndinanena motsitsa mawu, ndipo ndinkadziwa bwino chimene ndikufesa. Kuyambira tsiku limenelo mayi anga sanapondenso pakhomo pa mlongo wawo, chonsecho nyumba zathu ndi zoyang'anana. Amalume sanadziteteze. Ankatipatsabe moni panjira, ife n'kumayang'ana kumbali.

Ndikanatha kuimba foni tsiku lomwelo la pa lanchi. Koma bambo anga ndimawadziwa, mawu a mwana salowa m'khutu mwawo, amakhulupirira maso awo okha. Ndiye ndinachita za nzeru zayekha. Ndinati nditumize kaye ufawo, nkhumba zilimbe, kenako ndidzawauze kuti taonani, sanali amalume. Mayi a ku Zomba aja anandithandiza kugula paketi yosakaniza kale, momwe munali fayitezi, laimu ndi tina, n'kundilembera muyezo wake papepala. Ndinakapereka kwa transipota ku Doornfontein pamodzi ndi bulangete la mayi anga. Pafoni ndinangouza bambo kuti ndi zonenepetsa, azithira m'gaga wozizira, asaphike.

Katunduyo anachedwa pa boda masabata angapo. M'masabata omwewo amalume anadwala chibayo, ndipo Lachinayi lina ndili pa chigayo, uthenga unafika woti atisiya. Kumaliro sindinapite, mapepala anga sanali bwino. Mlongo wanga anandiuza kuti mayi analira ali chapatali ndi azimayi anzawo, anthu akuwayang'ana. Ine ndinakalirira m'chimbudzi cha pafakitale, kapitawo akugogoda chitseko kuti shesha, fulumira, Malawi. Ndinadzida tsiku limenelo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimadzida.

Paketi inafika maliro atatha. Bambo anatsata muyezo mosaphonya, poti pa nkhani ya ziweto sachita zibwana. Patapita miyezi, nkhumba ziwiri zinaswa, zikuyamwitsa zili njo pa miyendo inayi. Anandiimbira okha, chinthu chimene sachita kawirikawiri, mawu awo akumveka a munthu wokondwa. Ndinati mumtima nthawi ija ndi ino. Ndinafotokoza zonse pang'onopang'ono, za gaga, za fosiforasi womangika, za mafupa ofewa, monga anandifotokozera mayi a ku Zomba aja. Ndinanenanso mosabisa kuti amalume tinawalakwira, ndipo woyamba kulakwa ndinali ine. Ndinapempha kuti akweze mawu a foni kuti mayi amve nawo. Anakweza, anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula, ndipo ndinkamva mayi akupumira chapafupi.

"Ufa wakowo ndi wabwino, mwana wanga, zanenepa ndithu," anatero bambo. "Koma usadzivutitse. Chimwalirire munthu uja, m'khola muno simunagwe nkhumba ngakhale imodzi."