Chidole cha Amalume

Chidole chija chinali ndi chipewa cha gadi wa sitima, jekete yakuda ya mabatani amkuwa, ndi nsagwada imene inkalira kuti gwa gwa gwa chikamayankhula. Diso limodzi linali lopendekeka, moti ukakhala kumanzere kwake chinkaoneka ngati chikukukayikira. Chinkagona m'sutikesi yonunkha fodya, ndipo mwini wake, mzungu wachikulire amene anapuma ntchito ya panjanji, ankachitulutsa Lamlungu lililonse masana m'pabu ina, malo omwera mowa, ku Bilston ku Mangalande. Luso lake limafuna kuti munthu ayankhule osagwedeza milomo, mawu azimveka ngati akuchokera kwa chidole. Kunena zoona, mkulu uja luso limeneli analibe. Milomo yake inkagwedera kuposa ya chidolecho, ndipo anzake sankamubisira.

Inali holide yaitali ya chilimwe, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala ku Oldbury, m'nyumba zogundizana zija, anthu atatu: amayi, ine, ndi amalume, mlongo wawo wamkulu wa amayi. Amayi anali nesi wa mashifiti osatha. Lamlungu ankachoka kutchalitchi n'kulunjika kuwodi, yunifomu ili m'chikwama. Choncho wondisamala anali amalume, amene mkati mwa sabata ankatsuka mabasi kudepoti. Ali mnyamata ankaponya malasha m'mainjini a nthunzi ku Limbe, a dizilo asanabwere, ndipo nkhani ya sitima ikayamba, iwalani, tiyi ankazizirira m'kapu.

Mkulu wa chidole uja ndi azungu anzake, amalume anawapeza okha. Kunja kwa tauni kunali njanji yakale kumene madala opuma ntchito ankayendetsa mainjini a nthunzi mongodzipereka, kunyamula ana ndi alendo. Loweruka lina amalume anaima papulatifomu n'kuuza woponya malasha, mkulu wa ndevu zofika pachifuwa, kuti akugwira fosholo ngati akuwola zinyalala. Wina akanakwiya. Iye anangowapatsa fosholoyo kuti taonetsani inuyo. Kuyambira tsiku limenelo amalume analowa m'gulu, ndipo kulowa m'gulu kunkatanthauzanso kwizi, mpikisano wa mafunso wa Lamlungu kupabu.

Amayi ankadziwa kuti timapita kukaona sitima. Za pabu sitinkatchula, pakuti kwa iwo pabu inali khomo la Satana. Amalume ankamwa chakumwa cha malalanje, ine ndinkadya makrisipi a viniga owawasa mpaka milomo kuyera. Ndimakumbukira kapeti yomata ku nsapato, fungo la mowa wotayika, ndi utsi, chifukwa masiku amenewo anthu ankasutira m'kati momwemo.

Timu yathu inkaluza sabata iliyonse, osaphonya. Madala aja ankadziwa nambala ya injini iliyonse imene inayendapo m'dzikomo, koma akafunsidwa za woimba wa pawailesi kapena likulu la dziko lina, zii. Tsiku limene funso la sitima linabweradi, anakangana mpaka nthawi kutha, amalume n'kulanda pensulo n'kulemba yankho lolakwika ndi mtima wonse. Mkulu wa ndevu anati ngakhale chidole chikanakhoza. Chidole chinayankha kuti icho chinanena kale yankho, koma milomo ya abwana ake inachitsekereza. Kwiziyo inali chonamizira chabe, chimene ankabwerera ndi kunyogodolana. Amalume ankati mainjini a ku Mangalande ndi amphaka a m'nyumba, ongopukutidwa ndi nsanza, akanaona chitunda chochokera kuchigwa kukwera ku Limbe akanalira. Iwo ankati mainjini a ku Limbewo anapanga ndi agogo awo. “Kupanga munapanga inu,” ankatero amalume, “koma ntchito tinawaphunzitsa ndife.”

Koma mawu a amalume anali akutha. Anayamba kusasa nthawi yachisanu, tonse n'kumati ndi chimfine. Pofika chilimwe ankatuluka ngati munthu akukhula poto ndi mchenga. Inali khansa ya pakhosi. Madokotala anati achotse kholingo, mbali yonse imene imatulutsa mawu, azipumira pabowo la pakhosi, ndipo anafuna yankho sukulu zisanatsegulidwe. Amalume anakana.

Makoma a nyumba zija sabisa kanthu, ndiye ndinkamva zonse ndili pamasitepe. “Achimwene, ine ndine nesi, izi ndimaziona tsiku ndi tsiku. Mukakana, tidzakutumizani kumudzi m'bokosi.” Iwo ankayankha ndi mawu awo okhulawo: “Mwini mbumba wopanda mawu ndi wantchito yanji? Mlandu ukagwa, ayankhula ndani? Ndiziweruza ndi manja?”

Panopa ndine mayi wa ana, ndipo ndimaona kuti sikunali kuuma mutu chabe. Kwathu malume ndiye pakamwa pa banja. Alongo ake ndi ana awo ndi mbumba yake, iye ndiye amawaimira paukwati, pamaliro, pamkangano. Loweruka lililonse m'mawa amalume ankakanda khadi ya foni n'kuimba kumudzi, n'kuweruza nkhani za minda ndi mbuzi ali m'khichini ku Oldbury, atavala silipasi. Kudepoti anali wotsuka mabasi basi. Pafoni paja anali munthu. Kuwachotsa mawu kunali kuwasiyira mabasi okhaokha.

Ine Chichewa ndinkachimva, koma kuyankha ndinkayankha m'Chingerezi, monga ana onse a kutchalitchi kwathu. Amalume ankadandaula kuti amadzala chimanga n'kumakolola tirigu. Ndinkangoti “whatever” n'kuthawira kuchipinda. Ndinali mwana wa pakamwa, ndipo mpaka lero sindinachire.

Lamlungu lina kunatentha kwambiri, chitseko cha pabu chili chotsegula, ntchentche zikuzungulira matambula. Mkulu wa ndevu anayamba zake, akuti oponya malasha a ku Limbe ankafika pamwamba pa chitunda chifukwa apaulendo ankatsika n'kukankha. Onse anatembenukira kwa amalume kudikira yankho. Amalume anatsegula pakamwa, panatuluka mpweya wokha. Anayesanso, mitsempha ya m'khosi ili njo, koma ayi ndithu. Azungu akamakumvera chisoni amayang'ana m'tambula, ndipo onse anayang'ana m'matambula awo. Ngakhale chidole chinagonekedwa pamiyendo. Chisoni chimenecho chinawapweteka amalume kuposa khosi. Anatenga chipewa chawo kuti tizipita, ndipo powerama ananong'ona m'Chichewa, kudziuza okha. Ine ndinali pafupi, ndinamva.

Sindinaganize n'komwe. Ndinangokweza mawu m'Chingerezi changa cha ku Oldbury: “Amalume akuti inuyo mukaponya malasha, theka limatsalira m'ndevu.”

Kunali phwete! Mkulu wa ndevu anatsamwa ndi mowa. Mkulu wa chidole anamenya tebulo, akuti iye wavutika ndi milomo zaka zonsezi, taonani mnzathuyu, sanagwedeze ngakhale pang'ono, ndiponso chidole chake chimadya makrisipi. Kenako anadzutsa chidole chija, chinayang'ana amalume ndi diso lake lopendekeka n'kupempha kuti achilembe ntchito iwowo, chatopa ndi bwana wochititsa manyazi.

Amalume anakhalanso pansi. Anandiveka chipewa chawo, chinanditsika mpaka m'maso, chikununkha malasha ndi mafuta a m'mutu. Anaika dzanja pamsana panga, pakati pa mapewa, mmene ankachitira mkulu uja ndi chidole chake. Ankanong'ona, n'kundikankha pang'ono ndi chala, ine n'kuyankhula. Tsiku limenelo tinaluzanso kwizi, koma pa kunyogodola palibe anatiposa.

Masabata otsatira masewerawo anakula. Tinkayeserera m'basi, pamzere wa kushopu, patebulo la chakudya. Mawu ena sindinkawadziwa, ankachita kundifotokozera. Nthawi zina ndinkathira mchere wangawanga, iwo n'kunditsina khutu, chifukwa chidole chabwino sichionjezera. Ndiye anayamba kuchepetsa kunong'ona. Ankandikhazika kutsogolo kwawo kapena pambali, n'kumangogwedeza milomo popanda mpweya, ine ndiziwerenga. Ndikalakwa, abwereze. Ndinkanyinyirika kuti akulimbitsa masewero dala, koma ndinkafuna kupambana, ndiye ndinkayang'anitsitsa.

Za pabu ndinaulula ndine, mosadziwa, pofotokoza nthabwala ya ndevu ija. Amayi anasiya kutsuka mbale, anayang'ana achimwene awo nthawi yaitali, ine ndikudikira chimphepo. Lamlungu lotsatira ndinapeza diresi yanga atandisitira, ataiika pabedi.

Kenako linafika Loweruka la foni. Kumudzi kunali mkangano wa malire a munda pakati pa amayi aakulu ndi msuweni wina, ndipo nkhaniyo inali itadikira amalume. Anakanda khadi, anaimba, anayesa kupereka moni, koma kutsidyako ankangoti halo, halo. Anandiyang'ana. Anandipatsa foni, dzanja pamsana. Apa tsopano panalibe zomasulira m'Chingerezi. Ndinayenera kunena Chichewa chawocho, mmene chinkatulukira pamilomo pawo, ndi lilime langa lolemerali. Ndinanena za mtengo wa mango umene agogo anadzala pamalire, za mzere wa nthochi, ndi kuti amene walima kupitirira pamenepo akolole chaka chino koma chaka chamawa abwerere m'mbuyo. Theka la zimenezi sindinkazimvetsa.

Ndinamaliza. Ndinkadikira kuti aseke Chichewa changa chokhota. M'malo mwake ndinamva mawu a amayi aakulu, mayi wa zidzukulu, akuyankha kamwana ka zaka zisanu ndi zinayi mwaulemu wonse: “Zikomo, achimwene. Tamva. Tichita momwemo.”

Ndinanena zimenezo kwa amalume. Dzanja lija linakhalabe pamsana panga, lolemera, lotentha. Amayi anali ataima pakhomo la khichini, atangoweruka shifiti, nsapato zili m'manja. Amalume anawayang'ana, n'kukakamiza timawu tawo totsala tija: “Kawauze anzako a kuchipatalawo anole mipeni.” Amayi anakhala pansi pomwepo, pakhomo, n'kuyamba kulira, ine n'kumadabwa kuti akulirira chiyani poti mlandu wa munda watha bwino.

Loweruka lomaliza asanagonekedwe, madala aja anawakweza amalume painjini. Anakazinga mazira pafosholo, m'ng'anjo momwemo, monga amachitira anthu a mainjini, ndipo dzira langa linali ndi timadontho takuda ta malasha totetemera m'mano. Nthunzi inkanyowetsa nkhope. Amalume anaponya malasha ulendo wonse, thukuta lili kamukamu, ndipo pofika pamlatho mkulu wa ndevu anawapatsa chingwe cha wezulo. Anaikoka nthawi yaitali kuposa mmene lamulo limalolera, mpaka nkhosa za kutsidya zinabalalika. Palibe anawaletsa.

Pobwerera tinadutsa m'shedi mmene munali injini ina yophwasulidwa, zitsulo zake zitayalidwa pansi mwadongosolo. Ndinafunsa mkulu wa ndevu ngati idzayendenso. Anati zimatenga nthawi, mwana wanga, koma chilichonse chimene tachotsa timachitsuka n'kuchibwezera pamalo pake. Ndinasunga mawu amenewo. Ndinaganiza kuti kuchipatala amachitanso chimodzimodzi.

Opareshoni inayenda bwino, ndipo amalume anakhala nafe zaka zambiri pambuyo pake. Kachipangizo koyankhulira kamene anawapatsa kankalira ngati lumo lamagetsi, anakaponya m'dirowa. Chichewa chimene ndikulembachi ndi chawo, ndinachitola pamilomo pawo liwu ndi liwu, n'chifukwa chake anthu amati ndimayankhula ngati mdala wa ku Limbe.

Koma zimenezo ndi za mtsogolo. Tsiku loyamba kukawaona kuwodi ndinapita nditavala chipewa chija. Mkulu wa chidole anali atafika kale, sutikesi ili pamiyendo, osaitsegula. Amalume anali atatsamira mapilo, pakhosi pali nsalu yoyera ndi kapaipi kolira fyoo, fyoo akamapuma. Anandikodola. Anaika dzanja pamsana panga, milomo inagwedera, popanda ngakhale kampweya. Ndinawerenga mosavuta, ndinanyada nazo. Ndinauza mkulu uja kuti amalume akuti tsopano mpikisano watha, iwo ndiwo katswiri, inu kagulitseni chidolecho. Mkuluyo anaseka, kenako anatulutsa mpango n'kumapukuta magalasi ake nthawi yaitali.

M'basi pobwerera ku Oldbury ndinafunsa amayi kuti mawu a amalume akawatsuka adzawabwezera liti, chifukwa sukulu inali pafupi kutsegulidwa ndipo ine sindikanatha kukhala chidole mkati mwa sabata. Amayi anayang'ana pawindo n'kunena kuti ndikonzeke, tatsala pang'ono kutsika. Ndinavula chipewa chija n'kuchigwira bwino pamiyendo kuti chisapindike, poti ndinkadziwa kuti n'chobwereka, mwini wake adzachifuna mawu akabwera. Za masabata aja amene amalume ankangogwedeza milomo osanong'ona, ine ndinkayesabe kuti ankalimbitsa masewero.