Tiziwala ta m'dimba la a Selina

A Selina a ku Mbedza sadziwa kukhala pansi. Ngakhale pamaliro amapeza chonyamukira. Chaka chomwe Nyumba ya Malamulo inasamukira ku Lilongwe, amuna awo anasamuka nayo osayang'ananso m'mbuyo. A Selina anagula mbaula n'kuyamba kuwotcha chimanga pa depoti ya mabasi.

Chowanyaditsa chinali chimodzi: chimanga chawo sichinkatha. M'dimba lawo la kudambo, china chikafika m'mawondo ankadzala china pambali pake, dzinja ndi chilimwe chomwe. Anzawo akasowa chowotcha, iwo utsi uli tolo.

Kenako masamba anayamba mizere yachikasu, chimanga n'kupinimbira. Akamadutsa m'mizere, tinthu ting'onoting'ono tonga tiziwala tinkathethekera uku ndi uku, kena kugwera m'diso. Anaitana mlangizi wa zaulimi, a Yesaya.

“Mayi, timeneti timakhala mu udzu wa m'damboli,” anatero a Yesaya. “Timayamwa chimanga chodwala n'kudumphira pa chanthete. Inu simutigoneka ndi njala. Zulani chonse, dimba lipume.”

“Lipume? Nanga pa depoti pakhale ndani, bambo?”

Nkhani inali pamenepo. Pa depoti malo alibe mwini, mbaula ikasowa ina imakhalapo. Ndipo Ella, wowotchera kuseri kwa zimbudzi, anali atayamba kale kuwapatsa moni wautali.

Ndiye a Selina analimbana nato. Anawaza phulusa, anathira madzi a fodya, anatchetcha udzu mpaka manja matuza okhaokha, n'kudzalanso. Koma ungathamangitse bwanji kanthu kodumpha usanakaone? Zisononkho zinatuluka ngati chala cha mwana, njere zowerengeka. Zinawapweteka mtima zedi, poti amene anatilera tizilomboto anali iwo eni, ndi khama lawo lomwelo.

Anazula chonse, n'chanthete chomwe, akutukwana chamumtima.

M'mawa mwake Ella anafika pa depoti atasenza mbaula yake, n'kuima chilili. A Selina anali pamalo pawo, makala ali ngee, akukupiza ndi kakatoni mbaula yopanda kanthu.

“Amayi, chimanga chili kuti?” anafunsa kondakitala wina.

“Chikubwera.”

Anayankha choncho tsiku ndi tsiku kwa miyezi. Anthu a pa depoti amati ndi nthawi yokhayo yomwe anawaonapo a Selina atakhala pansi.